Mutu 5: Kabokosi Kamene Changu Anachonga

1. Chipinda cha kuseri kwa masitepe

Dzina lakuti Changu anamupatsa ndi madalaivala. Pa kampani ya malole ija panalibe wina wothamanga ngati iye. Ukamuitana kuti makina osindikizira akana, usanamalize n'kudandaula komwe, iye wafika kale, wakonza, wapita. Anali atangomaliza sukulu ya zamakompyuta, ndipo kampani inamutenga kuti imuyese kwa miyezi itatu. Kunyumba, amayi ake anali atauza kale anthu onse oyandikana nawo kuti mwana wawo ndiye amayendetsa makompyuta a kampani yonse, ndipo m'mawa uliwonse ankamusitira bulauzi, afune asafune.

Kunena zoona, woyendetsa makompyutawo anali a Mawaya, bambo a imvi za m'mbali, amene anayamba ntchito pakampanipo Changu asanabadwe. Chipinda chawo chinali kuseri kwa masitepe, chopanda zenera. Munali kabati yachitsulo yodzaza mawaya, tebulo limodzi, mipando iwiri, ndi kompyuta yakale yolira ngati ili ndi chifuwa.

Pakompyuta yakaleyo ndi pamene pankakhala pulogalamu imene onse ankangoitcha Mlonda. Ntchito yake inali ngati ya mlonda wa pageti, amene amalemba lole iliyonse yotuluka, katundu wake ndi kumene ikupita. Mlonda wa m'kompyuta ankalemba zodutsa pa intaneti. Kumanzere kwa sikirini ankaonetsa nambala ya kompyuta ya muofesi, pakati kuchuluka kwa zodutsamo, kumanja adiresi ya kompyuta yakutali imene ikulankhula nayo. Zinthu zikamayenda bwino, palibe ankayang'anapo.

Pambali pake panali buku lachikuto chakuda, lomangirira ku mwendo wa tebulo ndi chingwe. Tsiku loyamba lenileni a Mawaya anamukhazika Changu pansi n'kumuika bukulo pamiyendo.

"Mvetsera bwino, mwana iwe," anatero. "Muno ukhoza kudula waya, ndikukhululukira. Ukhoza kuzimitsa intaneti ya kampani yonse, ndikukalipira, kenako tikonza. Koma usadzakhudze kanthu osalemba m'bukumu. Ukasuntha waya, lemba. Ukadina kanthu, kachepe bwanji, lemba tsiku, nthawi ndi chimene wadina. Makina akadwala ine sindiyamba kufunsa makinawo, ndimayamba kufunsa buku. Buku likandinamiza, ndimatha tsiku lonse ndikufufuza kolakwika. Usanabwere iwe panali wina wanzeru kukuposa, koma ankasunga zonse m'mutu. Anaona msana wa njira mwezi usanathe, ndipo amene anamuchotsa ndine."

Changu anagwedeza mutu, ndipo kwa milungu isanu ndi iwiri analemba chilichonse.

Lachiwiri la mlungu wotsatira a Mawaya anapita kukakonza zina ku nthambi ya kampani, namusiyira pasiwedi ya Mlonda. Tsiku limenelo kompyuta yakale ija inkachedwa moti podikira tsamba limodzi unkatha kumwa tiyi. Changu analowa m'tsamba la zosintha. Munali timabokosi tambirimbiri, ndipo kamodzi kanali kolembedwa kuti pulogalamu izisunga za makompyuta a muofesi okha. Anakachonga. Nthawi yomweyo Mlonda anapepuka n'kuyamba kuthamanga ngati watsopano.

Changu anadziombera m'manja n'kutenga cholembera. Koma foni inalira: makina osindikizira a ku ofesi ya madalaivala anali atatafuna pepala. Anathamanga. Pobwerera anapeza buku lili chitsegulire, nalitseka osakumbukira chimene analitsegulira.

2. Nambala 14

Kwa masiku angapo intaneti inkafooka ikangokwana 3 koloko masana, ndendende nthawi yotumiza zikalata za katundu kwa makasitomala. Malole ankachedwa kunyamuka. Abwana, munthu wosachedwa kupsa mtima, anali atamata kale chidziwitso pakhomo: aliyense wopezeka akuonera mafilimu pa intaneti ya kampani achotsedwa ntchito tsiku lomwelo.

Lolemba m'mawa abwana anatsika okha masitepe, chinthu chimene ankachita kamodzi pachaka.

"A Mawaya, tsegulani Mlonda wanuyo. Ndikufuna ndione amene akutidyera intaneti."

A Mawaya anatsegula. Pamwamba penipeni panali kompyuta nambala 14, ndipo zodutsamo zinkaposa za makompyuta ena asanu kuphatikiza pamodzi.

"Ya ndani imeneyi?"

"Ya amake mapasa, bwana."

Amake mapasa ndi amene ankalemba maulendo a madalaivala: lole iti, ipite kuti, inyamuke nthawi yanji. Anali atagwira ntchitoyo zaka khumi ndi chimodzi, ndipo ana awo awiriwo ankawalera okha. Ndi iwo amene tsiku loyamba anamuitana Changu kuti, "Bwera udyere kuno, mwana wanga, usamadyere mumdima ngati mbewa."

"Basi, wapezeka," anatero abwana.

"Tadikirani, bwana. Apa tikuona kuchuluka kokha. Taonani kumanjaku." A Mawaya analoza. Danga la makompyuta akutali linali mbee, kuyambira pamwamba mpaka pansi. "Sitikudziwa kuti zinthuzi zikuchokera kuti kapena zikupita kuti. Mlonda watseka diso limodzi. Ndikonze kaye."

Onse anakwera kukayang'ana m'kompyuta ya amake mapasa. Munalibe filimu ngakhale imodzi.

"Anafufuta," anatero abwana. "Anthu a masiku ano ngochenjera."

Anazimitsa kompyutayo ndi dzanja lawo n'kuuza mayiwo kuti akakhale pabenchi ya pakhonde.

"Kalata yowachotsa ntchito ndilemba pompano, ndipo ndiwapatsa 4 koloko. A Mawaya, mukandionetsa nthawi imeneyo isanakwane kuti si mafilimu, ndiing'amba. Mukalephera, musadzandifunsenso."

3. Buku likuti palibe anakhudza

Atabwerera kuchipinda, a Mawaya anavala magalasi n'kutsegula buku. Anayendetsa chala mzere ndi mzere mpaka pothera.

"Palibe anakhudza Mlonda," anatero. "Chabwino. Tiyambe ndi waya. Tenga tochi."

Anagwada kuseri kwa kabati, Changu akuwaunikira. M'kabatimo munali bokosi lolumikiza mawaya onse a kampani, ndipo bowo lake lakumapeto ndi limene linkakopera Mlonda zonse zodutsa. Waya anali m'malo mwake. Kanyali kobiriwira kankaphethira bwinobwino. A Mawaya anazulabe wayayo n'kuika watsopano. Danga lija silinasinthe.

"Mwina bowo lenilenilo lafa," anatero. Anayesa lina. Palibe chinachitika.

"Mwina malo osungira adzaza." Anayang'ana. Malo analipo ambiri.

"Zimitsa, uyatsenso."

Changu anazimitsa, nayatsanso. Pulogalamu ikudzuka, maso ake anagwera pakona ya sikirini, pa mawu olowera m'tsamba la zosintha. Anakumbukira Lachiwiri, kabokosi kaja, foni ija, buku lotsegula. Nthawi inali cha m'ma 10.

A Mawaya atatuluka kukasamba m'manja, Changu analumphira pampando wawo n'kulemba pasiwedi ija. Inakana. Analembanso. Inakananso. A Mawaya anali ataisintha tsiku limene anabwerera kuchokera ku nthambi, monga ankachitira nthawi zonse, ndipo anali atalemba zimenezo m'buku.

Atabwerera, Changu anayesa njira ina.

"Bambo, bwanji tione m'tsamba la zosintha?"

"Muli timabokosi toposa zana mmenemo," anayankha a Mawaya osatembenuka. "Ndiziwerenga kamodzikamodzi chifukwa chiyani, pomwe buku likuti palibe analowamo? Olowamo ndife awiri basi, ine ndi iwe. Ine sindinalowemo, ndipo iwe umalemba."

Mawu amenewo anamulasa Changu kuposa kukalipiridwa.

Anapitiriza kufufuza. A Mawaya anakwawa pansi pa tebulo, anatsatira waya mpaka kudenga, anaimbira mnzawo wina wa ntchito yomweyo. Pofika 12 koloko malaya awo anali fumbi lokhalokha.

"Pulogalamu yeniyeniyo yaonongeka," anatero pomaliza. "Chatsala n'kuifufuta yonse n'kuiikanso. Ndi intaneti yathuyi, imeneyo ndi ntchito yotha mawa."

"Mawa? Nanga 4 koloko?"

"Ndikapempha abwana adikire."

Anakwera masitepe. Sanakhalitse. Anatsika nkhope itagwa, ndipo Changu sanafunse n'komwe.

4. Pabenchi

Nthawi ya chakudya Changu anafuna kudutsa pakhonde mwachangu monga mwa dzina lake, koma amake mapasa anamuona. Anali atakhala kumapeto kwa benchi, jumbo ili pamiyendo. M'jumbomo munkaoneka kapu yawo ya tiyi, juzi, ndi chithunzi cha ana chimene chinkakhala patebulo pawo. Madalaivala amene tsiku lililonse ankaseka nawo ankadutsa maso ali pa foni.

"Mwana wanga, tafika kuno. Mwapeza?"

"Tikufufuzabe, mayi."

"Ine filimu ndiionere nthawi yanji? Ndikangofika, foni ili kukhutu mpaka kuweruka. Kumene amaonerako sindikudziwa n'komwe." Anapukuta m'maso ndi kona ya mpango. "Kuchotsedwa ntchito kumachitika. Koma kalata yakuti ndimaba nthawi ya kampani, ndikaionetsa kuti? Adzandilemba ndani? Nanga ana aja ndikawauza kuti chiyani?"

Changu anayang'ana pansi.

"Koma mtima wanga uli m'malo, chifukwa mulipo inu awiri. Iwe suchedwa." Anatulutsa kontena ya chakudya. "Tenga udye, ine sizikulowa. Pita, usataye nthawi ndi ine."

Changu analandira ndi manja awiri. Anakakhala pa sitepe yomaliza, pafupi ndi chitseko cha chipinda chawo, kontena ili pambali yosatsegula. Foni yake inalira kamodzi. Unali uthenga wa amayi ake, akuti azakhali abwera Loweruka ndipo akufunitsitsa kumva za kuntchito kwake. Anaibweza foniyo m'thumba.

Anali ndi mantha, ndipo mantha ake sanali opanda pake. Mwezi umodzi wokha unali utatsala kuti alembedwe ntchito yeniyeni, ndipo a Mawaya sanali munthu wonena zinthu zoopseza chabe. Koma pakhoma wotchi inkayendabe, ndipo pakhonde benchi inali yomwe ija.

Itakwana 2 koloko anaimirira n'kutsegula chitseko. A Mawaya anali pampando, dzanja pa mausi. Pa sikirini panali funso lakuti kodi akufunadi kufufuta pulogalamu yonse.

"Bambo, musafufute."

5. Maola anayi

A Mawaya anatembenuka.

"Ndine ndinakhudza," anatero Changu. "Lachiwiri, inu muli ku nthambi. Kompyuta inkachedwa, ndiye ndinachonga kabokosi kakuti izisunga za muofesi zokha. Ndinafuna kulemba, foni inalira, ndinaiwala."

A Mawaya anachotsa dzanja pa mausi pang'onopang'ono.

"Wakumbukira liti?"

"Cha m'ma 10."

Anayang'ana wotchi yawo, kenako mawondo a buluku lawo, otuwa ndi fumbi.

"Khala pansi," anatero. "Kuchonga kuja si mlandu waukulu. Kompyutayi yakalamba, nanenso ndikanatha kuchonga. Kusalemba ndi mlandu, komabe munthu amaiwala. Chimene chandipweteka ndi maola anayi awa. Ndakwawa pansi ndi mawondo anga okalambawa, iwe uli chiimire ndi tochi, yankho lili m'kamwa. Ndapita kukachonderera abwana ngati mwana, iwe ukundiyang'ana. Zanga zisiye. Mayi aja akhala pabenchi chiyambire m'mawa, anthu akuwazemba ngati agwidwa ndi katundu wakuba. Kusukulu anakuphunzitsani manambala, koma nambala iliyonse pa sikirinipa ili ndi munthu kuseri kwake. Nambala 14 ndi amake mapasa ndi ana awo awiri. Ukadachedwa mphindi imodzi ndikadafufuta, ndipo iwo akadapita kwawo ndi kalata ija. Ntchito ino udzalakwitsa kambirimbiri, ngati mmene ndalakwitsira ine. Ukalakwitsa, nena nthawi yomweyo, anthu asanavutike chifukwa cha iwe. Wamva?"

"Ndamva, bambo."

"Tsopano ndionetse kabokosiko."

Analemba pasiwedi. Changu analoza, iwo anachotsa chongacho n'kudzutsanso pulogalamu. Kompyuta yakale inalira, inachedwa monga kale, kenako danga la kumanja linayamba kudzaza: adiresi, ina, inanso.

"Za mlungu wathawu ziwoneka?" anafunsa Changu.

"Ayi. Zimene Mlonda sanalembe sangazikumbuke. Zapita." A Mawaya anaimirira. "Tatsala ndi mwayi umodzi. Vuto limayamba 3 koloko. Pita ukayatse nambala 14, usadine chilichonse, ukhome chitseko, kiyi ukapereke kwa abwana m'manja."

Changu anathamanga.

6. Itakwana 3 koloko

M'chipinda cha mipando iwiri munalowa anthu anayi. Abwana anakhala pampando wa Changu, envulopu ili m'dzanja limodzi, kiyi m'dzanja lina. Amake mapasa anaima pakhomo atakumbatira jumbo yawo.

Inakwana 3 koloko. Nambala 14 inali phee. Inadutsa mphindi imodzi, kenako ziwiri. Abwana anayamba kumenyetsa envulopu pabondo.

"A Mawaya, ine ndili ndi ntchito."

"Taonani, bwana!" anafuula Changu.

Nambala 14 inali italumpha kuchokera pansi mpaka pamwamba. Kumanja kwake kunatuluka adiresi imodzi, manambala okhaokha opanda dzina, ndi kamuvi koloza kunja.

A Mawaya anaika chala pa kamuviko.

"Woonera filimu amalandira, bwana. Iyi ikutumiza. Ndipo kumene ikutumizako si nyumba ya mafilimu, adiresi zawo ndimazidziwa. Chitseko n'chokhoma, kiyi muli naye inu, ndipo mwini kompyuta ndi awa aima apa. M'makina aja mwalowa chinachake chimene chimadzuka chokha."

Abwana anayang'ana sikirini, anayang'ana kiyi, anayang'ana amake mapasa. Kenako anang'amba envulopu pakati, nang'ambanso.

"Mayi, bwererani kuntchito," anatero. Mawu akuti pepani anawasaka m'matumba onse, koma sanawapeze. M'malo mwake anatembenukira kwa a Mawaya. "Nanga danga lija linatsekeka bwanji? Bwenzi titadziwa zimenezi m'mawa."

A Mawaya anangovula magalasi n'kuyamba kuwapukuta.

"Ndine, bwana," anatero Changu. "Ndinasintha osalemba. Ndipo nditakumbukira ndinachedwa kunena."

"Iwe?" Abwana anaimirira. "Za iwe tikamba mawa 8 koloko, muofesi mwanga." Anatuluka.

Amake mapasa sanasunthe pakhomo paja. Anamuyang'ana Changu.

"Pamene ndinkakupatsa chakudya paja, unali ukudziwa?"

"Inde, mayi."

"Ndipo unalandira."

"Pepani, mayi."

Mayiwo anapumira m'mwamba. Anawerama n'kutola kontena yawo pa sitepe, ikadali yosatsegula, naiika m'jumbo pamodzi ndi kapu ndi chithunzi.

"Bola mwanena. Zikomo, a Changu."

Kanali koyamba kuti asamutchule mwana wanga. Changu anamva mapazi awo akukwera masitepe, ndipo misozi imene anaigwira tsiku lonse inatsika yokha.

A Mawaya anamulekerera pang'ono, kenako anakankhira buku kwa iye.

"Lemba. Yamba ndi Lachiwiri, umalize ndi lero. Osadumpha maola anayi aja."

Changu anapukuta nkhope n'kuyamba kulemba. A Mawaya anatsegula kabati n'kuzula waya wa nambala 14.

"Uyo wagona," anatero. "Lembanso kuti ndazula, 3:20. Tsopano intaneti ipepuka."

Changu analemba, kenako anakweza maso kuti aone ngati yapepukadi. Nambala 14 inali itasowa pa sikirini. Koma adiresi ija ya manambala okhaokha inalipobe, kamuvi kake kakuloza kunja, pa mzere wina umene unali kukwera.

"Bambo, sinathe. Pali inanso ikutumiza komweko."

A Mawaya anavala magalasi n'kuwerama.

"Nambala chani?"

"Nambala 1."

Onse awiri ankadziwa tebulo limene kompyutayo inkakhala. Linali pamwamba penipeni pa mitu yawo, ndipo ankamva mpando wa abwana ukukokedwa pansi.

"Tseka chitseko," anatero a Mawaya. "Ndipo usatseke bukulo."